Mafunso ndi mayankho: kumanga sola padenga la malata a matailosi

Malata ooneka ngati matailosi, makamaka aja okutidwa ndi timiyala, afala kwambiri panyumba zatsopano ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ngakhalenso ku Lusaka. Ambirife timangowatchula kuti Decra kapena Harvey tile, ngakhale atapangidwa ndi kampani ina. Chiyambire Januwale 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutisiya mumdima kwa miyezi yambiri, eni nyumba zotere akhala akufunsa mafunso omweomwewo okhudza sola. Ena amafunsa asanayambe ntchito. Ena amafunsa siling'i itada kale ndi madzi. Mayankho ali m'munsimu ndi a onsewo.

Kodi n'zotheka kuika mapanelo padenga lotere osaliononga?

N'zotheka ndithu, bola mmisiri adziwe kuti tailosi lachitsulo si chogwirira. Chitsulo chake n'chopyapyala, nthawi zambiri pafupifupi mamilimita 0.4. Chimene chimalilimbitsa ndi mapindidwe ake ndiponso mabateni, timatabwa topingasa timene lagonapo. Ntchito yake ndi imodzi basi, yotsetsereza madzi a mvula kuti apite pansi. Kulemera kwa mapanelo komanso mphamvu ya mphepo ziyenera kudutsa pa tailosilo n'kukathera pa mtengo kapena chitsulo chimene chanyamula denga, kutanthauza phaso kapena thirasi. Mmisiri akakuuzani kuti angomanga masikuluwu pa lata lenilenilo, n'kupaka silikoni, muimitseni asanakwere makwerero.

Nanga bwanji pa IBR amangomanga pa lata pomwepo?

Madenga awiriwa amasiyana kwambiri. Lata la IBR ndi lalitali, limayambira pamsonga pa denga mpaka pa gatala, ndipo lili ndi mizere yokwera yolimba. Alipo mabulaketi opangidwira kugwira mizere imeneyi, ndipo opanga ake amanena kuti lata likhale lokhuthala bwanji. Ngakhale pamenepo, ambirife timakonda kuti sikuluwu ikafike pa mtengo wapansi. Pa malata a Klip-Lok ndiye kosavuta zedi, chifukwa pali zopanira zimene zimangoluma mzere popanda kuboola paliponse.

Tailosi lachitsulo ndi laling'ono. Mizere yake imatalikirana masentimita pafupifupi 37, ndipo lililonse limakolana ndi lapamwamba pake, lapansi pake ndi la m'mbali. Limakhomedwa ndi misomali kutsogolo kwake, pa mlomo wopindikira pansi uja. Misomali imeneyi inawerengeredwa kuti igwire tailosi lokha. Mukamangirirapo panelo ya mamita awiri, mwaisenzetsa katundu amene si wake.

Chovuta kwenikweni ndi kulemera kwa mapanelo?

Anthu ambiri amaopa kulemera, koma chimene chimagwetsa ntchito kawirikawiri ndi mphepo. Panelo ya mawati 550 imakhala mamita pafupifupi 2.3 m'litali ndi 1.1 m'lifupi, ndipo imalemera makilogalamu 27 kapena 28. Mukaphatikiza njanji zake, zitsulo zazitali zimene mapanelo amagonapo, denga limaonjezeredwa makilogalamu pakati pa 12 ndi 15 pa sikweyamita iliyonse. Denga lomangidwa bwino limapirira zimenezi. Komabe kumbukirani kuti matailosi achitsulo pawokha amalemera makilogalamu 6 kapena 7 okha pa sikweyamita, pamene a simenti amaposa 40. N'chifukwa chake akalipentala amatalikitsa mathirasi padenga la malata, mwina mita imodzi kapena kupitirirapo, ndipo ena amachepetsanso matabwa kuti asunge ndalama. Mapanelo akabwera, katundu wa pamalo amenewo amakhala wawirikiza katatu. Choncho kukwera mu siling'i n'kukaona matabwa ndi maso n'kofunika.

Tsopano za mphepo. Mphepo yothamanga makilomita 108 pa ola imakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 55 pa sikweyamita. Ikamadutsa pamwamba pa denga siikankhira pansi ayi, imayamwira m'mwamba. Pa panelo imodzi ija, mphamvu yoizula ikhoza kufika makilogalamu 140, kuwirikiza kasanu kulemera kwake. M'mphepete mwa denga, pamsonga ndi m'makona, kuyamwako kumaposa pamenepa. Ndipo liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa zambiri. Ngakhale chaka chopanda namondwe, mphepo ija imatsogolera mvula yoyamba ya Novembala imasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi chaka ndi chaka.

Pachifukwa chimenechi siyani mpata wa theka la mita, kapena kuposerapo ngati malo alipo, pakati pa mapanelo ndi m'mphepete mwa denga. Panelo isasuzumire kunja kwa msonga kapena kupitirira gatala.

Ndiye njira zabwino zomangira ndi ziti?

Zilipo ziwiri zimene ndingazivomereze panyumba yanga.

Yoyamba ndi ya mbedza. Mmisiri amazula misomali ya tailosi mosamala, n'kulitukula, n'kumanga mbedza yachitsulo chosachita dzimbiri pa phaso ndi masikuluwu awiri kapena atatu. Mkono wa mbedzayo umatulukira pamene matailosi awiri asanjikizana, kenako tailosi limabwezeretsedwa n'kukhomedwanso. Ubwino wake ndi woti pamwamba pa tailosi sipabooledwa. Madzi amapitiriza kutsetsereka monga kale. Pamafunika mbedza yopyapyala, yopangidwira matailosi achitsulo. Mbedza zonenepa za matailosi a simenti zimatukula mlomo wa tailosi n'kusiya mpata umene mvula ya mphepo imalowerapo. Nthawi zina mlomowo umadulidwa pang'ono ndi sizasi ya malata kuti mkono udutse bwino. China choti muonetsetse n'chakuti mkono wa mbedza usagone pa tailosi lapansi. Pakhale kampata, chifukwa mbedza imawerama pang'ono ikalemedwa, ndipo ikamakhudza tailosi imalifwanyula n'kupala timiyala.

Yachiwiri ndi ya bawuti yaitali ya mazinga mbali zonse ziwiri, ya M8 kapena M10, kutanthauza yonenepa mamilimita 8 kapena 10. Mbali imodzi imalowa mu mtengo ngati sikuluwu, ina imatsala kunja yokhala ndi manati ogwira njanji. Bawutiyi imaboola tailosi, motero zonse zimadalira malo a bowo ndi katsekedwe kake. Bowo likhale pamwamba pa kaphiri ka tailosi, osati m'ngalande modutsa madzi. Pa bowopo pakhale labala ya EPDM, imene imapirira dzuwa zaka zambiri. Pa matailosi a timiyala pali msampha umene amisiri ambiri amagweramo: labala ikagona pa timiyala simata, madzi amayenda pakati pa timiyalato n'kulowa. Pamafunika kupala timiyala pa kadanga kozungulira bowo, mosamala osafika pa chitsulo chenicheni, kupakapo zomatira zoyenera, kenako n'kutsitsa labala. Nati imangidwe mpaka labala itafufuma pang'ono. Mukapitiriza, kaphiri ka tailosi kamabonyoka n'kusanduka kadziwe, ndipo madzi amakhazikika pa bowo penipenipo.

Pa ziwirizi ine ndimasankha mbedza, ngakhale imadya nthawi. Bawuti yoboola imadalira labala, ndipo labala imakalamba. Mbedza imadalira kusanjikizana kwa matailosi, komwe n'kumene kwakhala kukuteteza nyumbayo kuyambira tsiku limene inafoleredwa.

Bwanji osangomanga pa mabateni? Si matabwa omwewo?

Bateni nthawi zambiri ndi kathabwa ka thu bayi thu kapena kocheperapo, kokhomedwa pa thirasi ndi msomali umodzi. Bawuti ya M10 ikalowa mmenemo imakang'amba. Ngakhale kasang'ambike, mphepo ikakoka panelo imazula bateni yonse pamodzi ndi mzere wa matailosi. Zilipo mbedza zina zopangidwira kugwira bateni, koma zimafuna kuti bateniyo iyambe yalimbitsidwa pa thirasi ndi masikuluwu, ndipo mbedzazo zimachuluka. Ngati mmisiri wanu sakudziwa mawerengedwe ake, apite pa phaso.

Nanga phaso likapanda kugwirizana ndi kaphiri ka tailosi?

Zimachitika pafupifupi padenga lililonse, chifukwa kalipentala sankaganiza za sola pomanga. Yankho lake lili mkati mwa siling'i. Mumadula thabwa lolimba, monga thu bayi fo kapena thu bayi sikisi, n'kulipingasa pakati pa mathirasi awiri, n'kulimanga mbali zonse ndi masikuluwu kapena timabulaketi ta ngodya. Mukatero mwapeza pogwira paliponse pamene mukufuna. Ntchito imeneyi ndi yotentha ndi yafumbi, ndipo ndiyo imene amisiri othamangira ndalama amaizemba. Mukaona mmisiri wamaliza kumanga mapanelo khumi osalowako mu siling'i ngakhale kamodzi, dzifunseni kuti mapasowo amawapeza bwanji.

Ndinaitanidwapo kunyumba ina kumene siling'i ya chipinda cha ana inali itagwa mvula itangoyamba. Nditalowa mkati ndi tochi ndinawerenga mabawuti 24. Asanu ndi awiri anali akulendewera m'malere, osakhudza mtengo uliwonse, ndipo pambali pa ena panali mabowo ophonya amene anangotsekedwa ndi silikoni. Mayi a pakhomopo anali atatumiziridwa ndalamazo ndi mwana wawo wa kunja, ndipo chimene chinkawapweteka kwambiri chinali choti amuuza bwanji mwanayo. Nkhope yawo sindinaiiwale mpaka lero.

Sikuluwu kapena bawuti ilowe mozama bwanji?

Mazinga ake alowe mu mtengo wolimba masentimita osachepera 6 kapena 7, pakatikati pa phaso, osati m'mphepete. Yambani mwaboola kabowo kotsogolera kocheperapo kuposa bawutiyo, mwachitsanzo mamilimita 7 pa bawuti ya M10 mu paini. Bulugamu wouma ndi wolimba ndipo amang'ambika msanga, choncho kabowo kake kakulepo pang'ono. Ngati phaso ndi lopyapyala, masikuluwu awiri ang'onoang'ono a mbedza ndi abwino kuposa bawuti imodzi yonenepa.

Musanamange chilichonse, bayani mtengowo ndi sikuludiraiva. Paini wosathiridwa mankhwala amaoneka bwino kunja, mkati chiswe chitamaliza kale. Thabwa likamabooka ngati chinangwa chophika, nkhani ya sola iyambe yaima.

Denga langa lili ndi mathirasi achitsulo owotcherera. Zikusintha chiyani?

Mfundo yake ndi yomweyo, kusiyana kuli pa zomangira. Pamafunika masikuluwu oboola okha opangidwira chitsulo, kapena mabawuti odutsa mbali zonse okhala ndi nati pansi. Onani kukhuthala kwa chubu, popeza machubu ena a pamsika ndi opyapyala moti sikuluwu imagwira ndi zinga limodzi lokha. Pamenepo bawuti yodutsa ndiyo yodalirika. Ndipo musalole kuwotcherera pamwamba pa matailosi. Nthethe za moto zimapsereza utoto ndi zokutira, ndipo pakatha mvula imodzi mumaona timadontho tadzimbiri denga lonse.

Wowotcherera wa kwathu akuti andipangira chimango cha engo ayironi motchipa. Ndivomere?

Funso limeneli ndimalimva kwambiri, ndipo sindinyoza amene amalifunsa, chifukwa njanji za aluminiyamu n'zodula ndipo zimachokera kunja. Koma dziwani zimene mukugula. Chitsulo wamba n'cholemera, chimachita dzimbiri, ndipo madzi adzimbiri akamadonthera pa matailosi amawathimbiritsa n'kuyambitsa dzimbiri pamenepo. Felemu ya panelo ndi ya aluminiyamu, ndipo ikagona pa chitsulo chadzimbiri chonyowa imayamba kudyeka. Vuto lina n'lakuti ambiri opanga zimango zotere amaboola felemu ya panelo pamalo atsopano, zimene zimathetsa chitsimikizo cha opanga paneloyo.

Ngati palibiretu njira ina, chimangocho chiwotchereredwe pansi, chitsukidwe, chipakidwe utoto woletsa dzimbiri kenako utoto wapamwamba, chiume, ndiye chikwere. Pakati pa chitsulo ndi aluminiyamu paikidwe labala. Panelo imangidwe pa mabowo amene inabwera nawo. Miyendo ya chimango ikafikebe pa phaso. Kunena zoona, chimango chotere malo ake abwino ndi pansi, pa mizati yozikidwa mu konkire, kapena pa shedi ya galimoto, kumene mungachione ndi kuchipaka utoto chaka ndi chaka.

Ndi zitsulo ziti zimene siziyenera kukumana?

Matailosi ambiri amakono ndi chitsulo chokutidwa ndi msanganizo wa aluminiyamu ndi zinki, uja umadziwika ndi maina a Zincalume kapena Galvalume, wokhala ndi magawo 55 pa 100 a aluminiyamu. Mdani wake wamkulu ndi kopa ndi mtovu. Waya wa kopa wosakutidwa usagone pa denga, ndipo madzi ochokera mu paipi ya kopa ya giza asadonthere pamenepo. Matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala a CCA ali ndi kopa mkati, choncho masikuluwu olowa mmenemo akhale achitsulo chosachita dzimbiri kapena oviikidwa bwino mu zinki. Mabawuti achitsulo chosachita dzimbiri nthawi zambiri amalembedwa A2 pamutu. Yang'anani chilembocho, chifukwa kuwala kokha sikutsimikizira kanthu.

Silikoni ndi woipa?

Si woipa, koma amapatsidwa ntchito yomuposa. Silikoni ndi wothandizira labala kapena kachidutswa ka lata kolowetsedwa pansi pa tailosi lapamwamba. Payekha, pa dzuwa lathuli, denga likamafutukuka masana n'kubwerera usiku, amamatuka pakapita nyengo zochepa. Komanso alipo mitundu iwiri. Wonunkha ngati viniga ali ndi asidi amene amadya zinki, ndipo ndi wa magalasi ndi kubafa. Wa padenga lachitsulo ndi uja wosanunkha viniga. Tsegulani chubu mununkhize, mphuno ikuuzani.

Njanji zitalikirane bwanji, nanga zogwirira zikhale zingati?

Opanga njanji amalemba mtunda wovomerezeka, ndipo kawirikawiri zogwirira zimatalikirana mita imodzi mpaka imodzi ndi theka. Padenga la matailosi achitsulo, njira yosavuta ndiyo kuika chogwirira pa thirasi iliyonse imene njanji yadutsa. Kumapeto, njanji isapitirire chogwirira chomaliza ndi mtunda wautali. Gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wa pakati pa zogwirira ndiye malire amene ambiri amatsata.

Panelo iliyonse imagona pa njanji ziwiri, ndipo buku lake limaonetsa pamene zopanira ziyenera kuluma, nthawi zambiri chapafupi ndi kota ya utali wake kuchokera kumapeto. Mukapanira kunsonga kwenikweni, pakati pamavina ndi mphepo, ndipo maselo, tizigawo ta panelo topanga magetsi, amang'aluka ming'alu yosaoneka ndi maso. Zopanira zigwirizane ndi kukhuthala kwa felemu, kaya ndi mamilimita 30 kapena 35.

Aluminiyamu amafutukuka ndi kutentha. Njanji ya mamita 10 imatalika pafupifupi sentimita imodzi kutentha kukakwera ndi madigiri 40. Pa mzere wautali siyani mpata pa zolumikizira, apo ayi njanjiyo imakankha mabawuti uku ndi uku tsiku lililonse mpaka mabowo atakula.

Mapanelo atalikire bwanji ndi denga?

Masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono. Mphamvu yolembedwa pa panelo inayezedwa selo ili pa madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yopitirira apo imachotsa pafupifupi 0.35 peresenti. Mu Okutobala ku Chikwawa, Nsanje kapena Salima, panelo imatha kufika madigiri 65, kutanthauza kuti magawo 14 pa 100 apita. Mpweya ukamadutsa pansi, kutayikako kumachepa. Mpatawo umathandizanso kuti masamba a mango ndi zinyalala zisaunjikane n'kusunga chinyezi pa matailosi.

Ayang'ane kuti? Denga langa silinayang'ane kumpoto.

Popeza tili kumwera kwa equator, kumpoto ndiye koyenera. Koma tili pafupi nayo: Mzuzu ili pa madigiri pafupifupi 11 ndi theka, Lilongwe 14, Lusaka 15, Blantyre pafupifupi 16. Dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, ndipo mu Disembala limakhala chakumwera pang'ono. Choncho denga loyang'ana kummawa kapena kumadzulo silitaya zambiri, makamaka ngati silotsetsereka kwambiri. Mbale wanu wa ku Johannesburg, pa madigiri 26, ali ndi chifukwa chokulirapo choumirira kumpoto. Wa ku Britain iye amayang'anitsa kumwera, ndiye malangizo ake musawatenge mmene alili.

Malangizo anga ndi oti mapanelo agone motsatira denga. Kuwaimika ndi miyendo yaitali pofuna kuwatembenuzira kumpoto kumawasandutsa thanga la bwato, ndipo phindu lake ndi laling'ono poyerekeza ndi ngozi yake. Kupendekeka kwa madigiri 10 n'kokwanira kuti mvula izitsuka fumbi, ndipo madenga a matailosi amaposa pamenepo kale. Mthunzi ndiwo muuope: mtengo wa mapeyala, thanki ya madzi, dishi ya wailesi ya kanema. Mthunzi pa panelo imodzi umafooketsa mzere wonse.

Amayendapo bwanji osabonyola matailosi?

Phazi liponde m'ngalande ya tailosi, chakutsogolo kumene pansi pake pali bateni. Osaponda pa kaphiri kapena pakatikati. Nsapato zikhale zofewa, zalabala, ndipo pansi pake pasakhale timiyala. Ndi bwinonso kuyala thabwa lokulungidwa ndi chiguduli pamalo ogwirirapo ntchito. Pa magalasi a panelo ndiye osapondapo n'komwe.

Za moyo wa munthu nazo zinenedwe. M'mawa denga limaterera ndi mame, masana limaotcha manja, ndipo panelo m'manja mwa munthu mmodzi mphepo ikaomba imamukankha. Anyamule awiri, ndipo wapamwamba amange lamba ndi chingwe pamalo olimba. Yang'anani kumene waya wa ESCOM kapena ZESCO walowera m'nyumba musanatukule njanji ya mamita anayi.

Ndaona timadontho tadzimbiri patangotha mwezi. Chachitika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi tizidutswa tachitsulo totsala poboola kapena podula. Tikasiyidwa padenga, mame a usiku umodzi amatichititsa dzimbiri n'kumamatira. Pa matailosi a timiyala timabisala pakati pa timiyalato. Mmisiri asese ndi burashi yofewa tsiku lomwelo, ndipo njanji azidulira pansi. Galainda isayandikire tailosi, chifukwa kutentha kwake kumaotcha zokutira. Podula pali sizasi ya malata. Pamene papalika, ogulitsa matailosi amakhala ndi zomatira ndi timiyala ta mtundu womwewo tokonzera.

Mawaya adutse pati?

Asagone pa denga. Timiyala tija tili ngati sandipepa, ndipo waya akamagwedezeka ndi mphepo chikopa chake chimaperepeseka. Mapanelo asanu ndi atatu a mawati 550 olumikizidwa motsatizana amatulutsa mavoti pafupifupi 400, ndipo moto wa DC, mtundu wa magetsi ochokera mu mapanelo, ukayamba kuthetheka suzima wokha msanga. Waya akhale wa sola weniweni, wa 4 kapena 6 sikweya milimita, womangiriridwa ku njanji ndi timakilipi tachitsulo kapena zomangira zopirira dzuwa. Zolumikizira mawaya a mapanelo, zotchedwa MC4, zikhale za mtundu umodzi, zofinyidwa ndi chida chake, osati pulayala, ndipo zisakhale m'ngalande ya madzi. Polowa m'nyumba waya adutse m'paipi, pansi pa tailosi kapena pa chotsekera chopangidwira ntchitoyo, ndipo ayambe watsika pang'ono asanalowe kuti madzi adonthere kunja.

Njanji ndi mafelemu zilumikizidwe ku waya wa efi wopita mu nthaka, ndipo pakhale zotetezera invetala, chipangizo chosandutsa magetsi a mapanelo kukhala a m'nyumba, ku mphamvu ya mphenzi. Kuno mphenzi si nkhani yongomva, nyengo ya mvula iliyonse zimapha anthu ndi kuotcha zipangizo. Mbali ya magetsiyi igwiridwe ndi munthu wa ziphaso. Ku Malawi zilolezo za amisiri a magetsi zimaperekedwa ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo kupempha kuti muone pepalalo si mwano.

Ndikumanga nyumba panopa, sola ndidzaika mtsogolo. Ndichitepo chiyani lero?

Inu ndiye muli ndi mwayi woposa onse. Uzani akalipentala mbali imene mapanelo adzakhale, kuti mathirasi a pamenepo ayandikane ndipo matabwa ake akhale abwino. Gulani mbedza zokha, zimangidwe pamene akufolera, mzere ndi mzere. Sipadzakhalanso kuzula misomali. Ikiranitu paipi ya mawaya kuchokera mu siling'i kukafika pamene padzakhale invetala, jambulani mathirasi asanafoleredwe, ndipo sungani matailosi khumi otsala, chifukwa mtundu womwewo mwina sudzapezeka pakatha zaka zisanu.

Ndili kunja, ndikutumiza ndalama kumudzi. Ndingadziwe bwanji kuti ntchito yagwirika bwino?

Chithunzi cha mapanelo onyezimira padenga sichikuuzani chilichonse. Pemphani kuti akutumizireni pa WhatsApp zithunzi za mkati mwa siling'i zoonetsa matabwa opingasa ndi pamene mabawuti alowa, za mbedza tailosi lisanabwezeretsedwe, za njanji mapanelo asanagonepo, ndi za pansi pa mapanelo kuonetsa mawaya. Gwirizanani kuyambira pachiyambi kuti gawo lina la malipiro lidzaperekedwa denga likayesedwa ndi madzi, ndipo zilembedwe. Mmisiri wodzidalira sakana zimenezi. Funsaninso kumene munagula matailosi ngati kuboola kukukhudza chitsimikizo chawo. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, chilolezo cha eni ake chikhale cholembedwa.

Nanga akuba?

Alipo mabawuti a mitu yosamasuka ndi sipanala wamba, ndipo ena amadula mutu akamangidwa. Amachedwetsa wakuba, zomwe padenga lachitsulo lochita phokoso n'zothandiza kale. Lembani manambala a mapanelo musanawakweze, ndipo makwerero asagone panja.

Denga layamba kale kudontha pansi pa mapanelo. Nditani?

Musatume munthu kukathira silikoni wina pamwamba pa wakaleyo. Lowani mu siling'i mvula ikugwa, kapena wina athire madzi ndi paipi kuyambira m'munsi kumakwera pang'onopang'ono, inu mukuyang'ana ndi tochi. Madzi amayenda pa bateni kapena pa phaso asanadonthe, choncho banga la pa siling'i likhoza kukhala mita yathunthu kuchokera pa bowo lenileni. Tsatirani chinyezi chokwera mpaka pamene chayambira, ndipo lembanipo ndi choko. Masana, zimitsani tochi muone pamene kuwala kukulowera, chifukwa mabowo ophonya amaonekera motero.

Kenako wamagetsi azimitse mbali ya DC ndi kumasula zolumikizira, mapanelo a pamenepo achotsedwe, ndipo chogwirira chilichonse chiyesedwe pochikoka ndi dzanja. Chogwedera chilibe mtengo pansi, chipatsidwe thabwa lopingasa. Tailosi lobonyoka kapena la mabowo angapo lisinthidwe lonse. Thabwa limene lanyowa kwa nyengo yaitali libayidwe ndi sikuludiraiva, ndipo ngati lafewa, pambali pake pamangidwe lina. Ntchitoyi ndi yabwino pakati pa Meyi ndi Seputembala, koma ngati madzi akudonthera pafupi ndi mawaya a mu siling'i, zimitsani magetsi a chipinda chimenecho lero lomwe ndipo itanani mmisiri mawa m'mawa.